Wisiki wa Uchi ndi Mwamuna wa Mkazi Wanga

Lolemba, 12 Juni 1995, Mandimba

Chisanu choopsa. Nkhungu mpaka dzuwa litakwera. Zala kukana kugwira nyundo. Zitseko za sukulu ndangomaliza ziwiri.

Nkhani ndi iyi. Rukia, mkazi wa mnansi wanga Issa, wabwera dzulo kuchokera ku Cuamba. Akuti anaona Madalena pamsika, akugulitsa nyemba. Madalena mkazi wanga. Yemwe uja ndinamulira ndili ku Malawi mu 1987, anthu atandiuza kuti mudzi wa kwawo ku Ngauma watenthedwa ndipo palibe wopulumuka. Tsiku limenelo iye anali kwa amayi ake, ine kuno. Ndinathawa nkhondo ndekha.

"Ndinamugwira dzanja ndithu, si mzukwa," anatero Rukia. Kenaka maso pansi. Madalena ali pabanja. Mwamunayo dzina lake Benvindo, amagwira ntchito ku njanji.

Sindinalire. Ndinakhala pa thabwa nthawi yaitali. Chodabwitsa, funso loyamba kubwera m'mutu: kodi mwamunayo ndi wamtali?

Lachitatu, 14 Juni

Ndimafuna kalata ya ukwati m'bokosi. Sindinaipeze. Ndapeza botolo.

Ndinali nditaliiwala. Wisiki. Anandipatsa bwana wa esiteti ya fodya kufupi ndi Namwera, tsiku lotsanzikana, nditamugwirira ukalipentala zaka zisanu ndi chimodzi. Mzungu ameneyo nyengo yozizira ankamwa mowa wake wotentha. Ndinkaona khukhi akudutsa nayo kapu ikufuka nthunzi, kachidutswa ka ndimu kakuyandama pamwamba. Sindinalawepo. Sindinafunsenso kapangidwe kake. Lero ndikudandaula.

Ndatsegula. Fungo la utsi, komanso la thabwa longochekedwa kumene. Kadontho palilime. Kachasu amakumenya khofi patsaya nthawi yomweyo. Uyu amayamba wakupatsa moni.

Koma munthu kutenthetsa mowa, chifukwa chiyani? Sungawonongeke?

Loweruka ndipita ku Ngauma kwa a Cosme, amalume ake a Madalena. Ankhoswe athu anali iwowo.

Lachinayi, 15 Juni

Ndayesa. Madzi, shuga, wisiki, zonse mumpoto pamoto. Ndinasiya ziwire ngati tiyi. Nyumba yonse fungo, mpaka maso kuwawa. M'kapu munangotsala madzi otsekemera. Mphamvu yonse yathawa ndi nthunzi. Choncho mowa suwiritsidwa. Phunziro lodula, botolo latsika zala ziwiri.

Issa anabwera atamva fungo. "Achimwene, mwayamba kuphika vanishi?" Iye Msilamu, sangalawe, koma mafunso kuposa ine. Ananunkhiza mpoto, nkupukusa mutu. Akuti shuga ndi wa ana, chakumwa cha chisanu chimafuna uchi. Akuti agogo ake ankathira uchi m'madzi otentha akamapita kumunda mbandakucha.

Za Madalena sanatchule. Ndamuthokoza mumtima.

Loweruka, 17 Juni, Ngauma

Panjinga kuyambira m'mamawa. Njira yopapatiza, uku ndi uku miyala yopaka penti yofiira. Kuseri kwake mabomba okwirira. Ngakhale mkodzo, pompo panjira.

Amalume ali moyo. Diso limodzi linafa. Za Madalena ankadziwa kuyambira chaka chatha. "Tinkaopa kukuuza, mkamwini. Tinati munthu wachira kale, tisamutukule bala." Ndinafuna kukwiya. Mkwiyo sunabwere.

Atumiza kalata ndi woyendetsa lole. Tikakumane kwanga ku Mandimba, pakati ndi pakati, pa 1 Julayi. Iwo, Madalena, Benvindo, ine.

Ndinawafunsa kuti munthuyo ndi wotani. Anangoti, "Udzamuona."

Andipatsa uchi wa m'ming'oma yawo, wakuda, muli miyendo ya njuchi. Ndadutsa pamene panali nyumba ya apongozi. Udzu wokhawokha. Koma mtengo wa mandimu ulipo, wabereka mpaka nthambi kugwa pansi, wothyola palibe. Ndadzaza thumba.

Lachiwiri, 20 Juni, Mandimba

Kuyesa kachiwiri. Madzi okha pamoto. Atawira ndinaphula. Ndinathira mu tambula yagalasi. Thu! Yang'ambika. Tambula inali imodzi yomweyo.

Kapu yachitsulo tsopano. Supuni ya uchi, kutakasa mpaka usungunuke. Wisiki pomaliza, zitsekero ziwiri za botolo lomwelo. Ndinafinyira ndimu yonse. Nkhope kukwinyika ngati ya nyani. Ndinayambiranso, theka la theka.

Eya. Izi ndiye izi. Kutentha kumayamba pakhosi, kupita kumakutu, kenaka mawondo. Uchi umabisa ukali, ndimu nkuudzutsanso pang'ono. Mzungu uja sanali wopusa.

Ndadzifunsa kuti ndikuvutikiranji. Yankho silokoma kwenikweni. Nyumba yanga ilibe mawindo, mbali ina denga ndi lona. Sindikufuna Benvindo andimvere chisoni. Amwe pakhomo panga chinthu chimene sanachionepo.

Lachisanu, 23 Juni, Cuamba

Ndauza Issa kuti ndikukagula misomali ndi mahinjesi. Ndagula ndithu. Koma.

Pamwamba pa lole tsiku lathunthu, fumbi mpaka m'mano. Ndagona kwa mnzanga wakale.

Ndamuona Madalena, pamsika. Ndinaima kuseri kwa ogulitsa ndowa. Wanenepa pang'ono. Duku lobiriwira. Amayeza nyemba ndi chitini, nkuonjezera kadzanja, monga ankachitira amayi ake. Anaseka ndi kasitomala. Kuseka komwe kuja. Sindinapite kukamupatsa moni. Za pa 1 zidikire pa 1.

Mayi wina wachimakuwa amagulitsa zonunkhiritsa. Ku Malawi tinkati jinja, iye akuti jenjibire. Ndagula muzu umodzi, khungwa lonunkhira la sinamoni limene akuti kanela, ndi timitengo takuda tonga misomali ing'onoing'ono, akuti kravinyu. Anandifunsa ngati ndi za tiyi. Ndinati eya.

Madzulo ku sitesheni. Amuna a njanji akuweruka, maovololo akuda ndi mafuta. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Sindinafunse aliyense. Ndinasankha wamtali wa ndevu, wa mawu aakulu, nkumuda njira yonse.

Lachiwiri, 27 Juni, Mandimba

Mphepo ya mwera masiku atatu. Ntchito pang'ono, kuyesa kwambiri.

Jinja: kusinja, kuwiritsa m'madzi momwemo, kusefa ndi kansalu. Ukachulutsa umalanda zonse. Kanela: osasinja, kungotakasira ngati supuni. Kravinyu anandivuta. Tiwiri tokha m'kapu, lilime lonse dzanzi ngati kwa dokotala wa mano. Issa ndiye anapeza nzeru. Kubaya kamodzi pa khungu la ndimu, kayandame nalo, kununkhira kokha.

Iye ndimamupangira yake yopanda wisiki. Akuti yake ndiyo yabwino, ine ndimangoiipitsa. Tinatsutsana mpaka Rukia anabwera kudzamuitana.

Rukia potuluka: "Nanga inu a Matias, mukufuna abwerere?"

Ine ndinayamba kutsuka makapu. Madalena amene ndamusunga m'mutu ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Wa pamsika uja sindikumudziwa. Amadya chiyani m'mawa? Amapempherabe?

Botolo latsika kupitirira theka. Basi. Osakhudzanso mpaka Loweruka.

Lamulungu, 2 Julayi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Amalume anafika Lachisanu. Enawo dzulo chakumadzulo, pamwamba pa lole, atauma ndi mphepo. Madalena anagwada pondipatsa moni. Ine ndinangoti mwayenda bwanji.

Benvindo ndi wamfupi. Wamfupi kuposa ine. Imvi, chifuwa chokhosomola, jekete lalikulu losamuyenera. Moni wa manja awiri. Wamtali uja ndinamuda pachabe.

Ndinakoleza moto pakhonde. Uchi unatayikira pa thalauza. Koma makapu anayi anatuluka bwino, ndimu ikuyandama. Amalume analawa, nkutseka diso lawo limodzilo: "Mankhwala awa kapena mowa?" Madalena anamwa pang'ono, nkuika pansi. Benvindo anangofumbata kapu kuothetsa zala. Osamwa.

Madalena anafotokoza yekha, maso pa moto. Anthu a mfuti anamutenga tsiku lomwe anatentha mudzi. Amayi ake anafera pomwepo. Miyezi inayi akusenza katundu m'tchire. Anathawa mvula ikugwa, nayenda mpaka anapeza njanji, mapazi atatupa osapondeka. Benvindo anali pa ntchito yoyendera njanji. Anamukweza pa kangolo ka zipangizo, nkumukankha mpaka ku Cuamba. Madalena nayenso anauzidwa kuti ine ndinaphedwa pa mlatho pothawa.

Kenaka anandiyang'ana. "Ndinakulirani, bambo, maliro anatha. Kumene ndili ndikhala komweko." Mosazungulira. Ndinadikira kuti mtima usweke. Unapweteka, inde, koma ngati dzino limene linkagwedera kale. Ndinauza amalume kuti ndamva, ndipo mlandu ndilibe.

Ndinkaganiza kuti zatha. Ndipamene Benvindo anakweza kapu, nkumwa yonse kamodzi, itazizira kale. Anakhosomola mpaka misozi. Masabata awiri ndikuyesa, munthu osamva nkukoma komwe.

Mawu ake sindidzawaiwala. "Achimwene, ine sindinabwerere mayiwa. Mayiwa amadziyankhira okha. Ndabwerera mwana. Wamkuluyo, Nádia. Magazi ndi anu. Koma kuyenda ndinamuphunzitsa ndine. Chonde musandilande."

Sindinamve poyamba. Ndinafunsa kuti mwana uti.

Madalena anali ndi pakati pa miyezi iwiri pamene ankapita kwa amayi ake. Ankafuna adzandiuze pobwera. Miyezi inayi ija ya katundu pamutu, anali awiri. Mwana anabadwira ku Cuamba, m'nyumba ya mlongo wake wa Benvindo. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Ali ku sukulu.

Amalume anati mwana ndi wa mbumba ya kwa amake, palibe wolanda mnzake. Madalena anati, "Aone nkhope yanu, adziwe. Zinazo pang'onopang'ono."

Ine ndinanyamuka kukaika madzi ena pamoto, chifukwa sindinadziwe poika manja. Benvindo ananditsatira. Anafunsa kuti timitengo takuda tija ndi chiyani. Ndinamuonetsa kabayidwe kake. Yachiwiriyo anamwa pang'onopang'ono. Akuti imamasula chifuwa. Botolo linathera pamenepo.

Agona kwa Issa. Abwerera m'mawa uno.

Lachitatu, 5 Julayi

Thabwa limodzi ndalidula lalifupi kawiri. Ndasiya.

Nádia. Ndimalitchula mokweza ndikakhala ndekha, kuti pakamwa pazolowere. Amalankhula chiyani, Chinyanja kapena Chimakuwa? Ngati ndi Chimakuwa chokha ndi Chipwitikizi, tidzamvana bwanji? Mano akutsogolo anagwa kale? Amaopa agalu ngati ine?

Ndinayamba kumupangira kampando. Ndalekeza. Sindikudziwa kutalika kwake.

Issa akuti ndisapite ndi mphatso zambiri, mwana angadabwe. Rukia akuti ndimete.

Lolemba, 10 Julayi, Cuamba

Ndameta. Ndafika dzulo. Ndagona kwa mnzanga uja, ngakhale Benvindo anakakamira kuti ndigone kwawo.

Wapempha tchuthi cha theka la tsiku. Tili pansi pa mtengo moyang'anana ndi sukulu. Makalasi awiri alibe denga, ana akuimba mawerengero. Ndikulemba kuti manja akhale ndi chochita.

Ndinati mwina timuuze Nádia kuti ndine mlendo chabe wa ku Mandimba. Madalena wakana, akuti mwana wake sauzidwa bodza. Anamuuza Loweruka. Akuti mwanayo anafunsa ngati munthu amaloledwa kukhala ndi abambo awiri, ndiponso ngati winayo ali ndi njinga.

Njinga ndili nayo. Ndaisiya ku Mandimba. Chitsiru ine.

Benvindo wandiuza zambiri. Sadya therere. Masamu amakhoza. Akakwiya salankhula tsiku lonse. Wanena zimenezi akuyang'ana kumbali, ngati munthu wopereka makiyi a nyumba yake.

Ndamuuza kuti mwanayo akatuluka apite kaye kwa iye, monga mwa masiku onse. Ine ndiima pambuyo.

Aimba chitsulo choti ana aweruke. Phokoso, fumbi, ana pakhomo ngati njuchi. Benvindo waimirira, akupukuta manja pa ovololo. Akusuzumira pakati pa anawo. Wakweza dzanja, ndipo kamtsikana kena kakuthamangira kwa iye. Ndisiye kaye kulemba.