Ndikutumiza kwa Bambo Ako

Lolemba, 4 Ogasiti
Mphepo tsiku lonse, Mzimba yense fumbi mpaka m'mano. Kuchipatala mzere wa sikelo wosatha. Pofika kunyumba mbale zam'mawa zili pomwepo, mwana wanga Rute ali gada pamkeka ndi dikishonale. Mtsikana wa zaka 16! Ndamuuza: ndikutumiza kwa bambo ako ku Chikangawa, ukaone ngati mayi ako okupeza angakusekerere. Sanadzutse mutu n'komwe.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Pofuna cholembera m'chikwama chake ndapeza kope lomwe amalembamo mawu ovuta a Chingerezi. Sindinafune kuwerenga. Bodza, ndinafuna. Tsamba lomaliza: commination. Akuti ndiko kuopseza munthu ndi chilango, makamaka monga achitira alaliki paguwa. Pachitsanzo walemba kuti, "Amayi, m'mawa uliwonse."
Ndaseka, kenako zandiwawa. Mwana wobereka ndekha kundijeda ndi mawu oti lilime langa silingawakwanitse.

Loweruka, 9 Ogasiti
Mtima suli m'malo. Ndasesa pabwalo kawiri. Ndawadandaulira a Mable oyandikana nawo, iwo ati, "Imwe anesi mumaopseza chomene, koma kuchita ayi. Mbwenu mwana wazolowera."
Ndiye ndichite? Ndimupereke kwa Ben, munthu amene anatisiya mwanayo akukwawa? Sindinapenge. Ine ndimangofuna mbale zitsukidwe basi.

Lachinayi, 14 Ogasiti
Ben waimba foni, koyamba chaka chino. Akuti Rute anamuimbira yekha. Malo a Folomu 3 apezeka kale kumeneko. Lole yomwe amayendetsa, ya matabwa, idutsa kuno Loweruka. "Paja mwakhala mukunena nokha, amake Rute," watero.
Ndikuopa, ndikuopa kwambiri.
Ndadutsa pakaunjika, ndagula juzi lochindikala. Kumeneko kumazizira, ndipo Rute ali ndi mphumu. Ndaliika pabedi pake. Walipinda bwinobwino n'kulilowetsa m'sutikesi.

Loweruka, 16 Ogasiti
Lole inafika cha m'ma 10. Ben sanatsike, anangoliza hutala.
Mawu ndinali nditawakonza kuyambira m'mawa, ndikusesa, ndikutereka tiyi: usapite mwana wanga, ndinkangonena. Afupiafupi, osavuta.
Rute anaima pakhomo, sutikesi m'manja, juzi lija atavala. Kundiyang'ana. Ankadikira, ndikudziwa kuti ankadikira.
Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka n'chakuti, "Ukakwera loleyo, pano usadzapondeponso."
Anagwedeza mutu pang'ono. Anakwera.