Miyala Yokana Kugwirana

Nangongwe,
Kafue.
19 Okutobala 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino ku Solwezi, ndiponso kuti msana wasiya kukuvutitsani mukakhalitsa pa chiwongolero cha lole. Kuno dzuwa lafika poti ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Amai ali bwinoko. Dzanja lamanja likadali lolemera chichitikireni sitiroko ija, koma mawu ayamba kumveka, ndipo Lachiwiri anagwira okha kapu ya tiyi mpaka kumaliza.

Mwina mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni mumafulumira, Atate, ndipo nkhani ikangofika pokhota netiweki yanu imathawa. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge mpaka pansi.

Nkhani ndi ya kanjira kathu ka motoka, kochokera pageti kufika pakhonde. Timiyala tija munathira chaka chatha, Amai ali m'chipatala ku Lusaka, sitinagwirane mpaka lero. Munthu akaponda timathawa, ndipo mpando wa mawilo wa Amai umangotitimira. Pa 2 mwezi uno ndinkawakankha kupita pageti pomwe takisi inkadikira kutitengera ku kiliniki. Wilo lakutsogolo linalowa pansi, mpando unapendekeka, Amai n'kugwera mbali yodwala ija. Anasupuka pachigongono ndi patsaya. Iwo sanalire. Ndinalira ndi ine, pamaso pa dalaivala wa takisi. Sindinakuuzeni tsiku limenelo poopa kukudetsani nkhawa pamsewu.

Mawa lake ndinaitana ba Lighton, mkulu uja wa kutchalitchi kwathu amene kale ankagwira ntchito yokonza misewu. Anatapa timiyalato m'manja, n'kutigubuduza ndi chala.

"Violet, izi ni nsangalabwi za mumtsinje," anatero. "Zozungulira monga mazira. Olo utsindire chaka chonse sizizagwirana. Pafunika miyala ya kwale, yophwanya, ya makona, yosakaniza na fumbi lake. Fumbi ndiye limamanga."

Nditakuuzani zimenezi pa foni, mukumbukira yankho lanu. Munati, "Thirani chabe pamwamba. Musakumbe." Ndisanayankhe munabwereza, "Wamva? Musakumbe." Nthawi imeneyo ndinaganiza kuti mukundimvera chisoni kuti ndingatope.

Sitinakumbe. Tinangokokola nsangalabwi zonse n'kuziunjika kuseri kwa nyumba. Ba Lighton anaika njerwa m'mbali kuti miyala isamamwazike, kenako tinayala kwale pang'onopang'ono, kuwaza madzi, kutsindira ndi makina amene anabwereka kwa mnzawo, n'kuyalanso ina pamwamba. Kuchokera pakhonde kutsika, njira inauma gwa, moti mukaponda nsapato imalira. Koma pafupi ndi geti, malo aakulu ngati mphasa imodzi, panakana. Makina akadutsa, pansi pankanjenjemera ngati phala lozizira. Tikathira ina, inkamira.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinayamba kukayikira ba Lighton. Ndinaganiza kuti pamenepo achepetsa fumbi dala kuti ntchito italike. Ndinkawazonda pawindo. Tsiku lina ndinawauza ndithu, mawu amene ndikuchita nawo manyazi. Anazimitsa makina, n'kundikodola.

"Mwana wanga, bwera uponde apa," anatero. Nditaponda, anandifunsa kuti, "Mvula inaleka liti? Manje mu Okutobala, pansi panyowa na chani? Madzi amene tawaza sangafike apa. Aya achoka pansi."

Ndinapepesa, ndipo anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinayenera.

Masiku omwewo ndi pamene ba Gwendolyn, aneba athu a kuseri kwa mpanda, anayamba kutikonda. Mukudziwa kuti chisamukireni kuno zaka zitatu zapitazo, moni wawo kwa ine ndi Amai unali wa mutu chabe. Koma tsopano m'mawa uliwonse ankaima pageti pathu, tsiku lina ndi mbale ya vitumbuwa, maso ali pa malo ofewa aja. Ankati, "Apa musakumbe, pangakhale mawaya a magetsi." Tsiku lotsatira anati mwina pali chiswe. Azimai ena a kutchalitchi atamva anati pangakhale pokwiriridwa zinthu ndi anthu ansanje, ndipo anafuna kubwera kudzapemphera. Ndinapemphera ndekha, Atate, koma nditatha ndinakabwereka piki.

Linali Lachinayi la sabata yatha, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ba Lighton atangomenya piki koyamba, ba Gwendolyn anachoka pageti n'kulowa m'nyumba mwawo mofulumira. Sipanathe mphindi khumi foni yanga inalira. Munali inu. Simunafunse za Amai, simunapereke ngakhale moni. Munati, "Violet, ndamva mukukumba. Ndinati chiyani?"

Munamva kwa yani, Atate? Ine sindinakuuzeni. Ba Lighton anali ndi piki m'manja. Amai sangathe kudina foni. Ndipo nambala yanu yatsopanoyi munati ndi ya pabanja pokha, tisapatse munthu. Ndinakuyankhani kuti sindikumva bwino, n'kudula. Limenelo linali bodza, ndipo ndalivomera pamaso pa Mulungu.

Tinapitiriza. Dothi linkatuluka lakuda, lonunkha chinyontho. Dzenje litafika m'mawondo, fosholo inagunda paipi yakuda yapulasitiki. Tinaitsatira. Inalumikizidwa ku paipi yathu ya madzi, pang'ono chabe kuchokera pa mita ya madzi, n'kudutsa pansi pa kanjira, n'kulowa pansi pa mpanda kupita kwa ba Gwendolyn. Polumikizirapo sanaikepo chitsulo. Anangomanga ndi mphira ya chubu cha tayala, ndipo mphirayo inali itaola, madzi akutuluka ngati misozi, usana ndi usiku, mwina chaka chathunthu.

Ba Lighton anati, "Aba aneba ni akawalala, akuba madzi yanu." Koma ine maso anga anali pa mfundo ya mphira ija. Ndi mfundo ija mumamanga inu, yopinda kawiri n'kubisa nsonga pansi, imene munkamangira chikwama changa pa njinga popita kusukulu. Ndinauza ba Lighton kuti atseke paipiyo, ndipo sanafunse zambiri.

Patapita ola limodzi ba Gwendolyn anabwera ndi ndowa yopanda kanthu.

"Violet, kwanga madzi ayima."

"Madzi ake ati, ba Gwendolyn? Mesa mita yanu anaichotsa kalekale?"

Anayang'ana dzenje, anayang'ana ine. Kenako anati, "Enock anakamba kuti sipazakhala vuto."

Enock. Sanati ba Enock, sanati atate ake a Violet. Ine chibadwire sindinamvepo ngakhale Amai akutchula dzina lanu lili lokha chotero. Iwonso anazindikira kuti lawapulumuka, chifukwa anagwira pakamwa n'kubwerera ndi ndowa yawo.

Ndinaganiza zobisira Amai. Ndinakonza kale bodza loti paipi yathu yomwe ndi imene inaphulika. Koma nthawi yonseyi iwo anali pakhonde, pampando wawo, pomwe ndinawaika kuti apitidwe mphepo. Anandikodola ndi dzanja lamanzere. Mukudziwa mmene amalankhulira tsopano, liwu limodzilimodzi ngati akulinyamula.

"Usatseke," anatero.

Ndinagwada pafupi kuti ndimve bwino.

"Madzi sitimana munthu. Koma isapitenso pansi. Idutse pamwamba. M'mbali mwa mpanda. Poyera."

Ndinawafunsa kuti, "Amai, munkadziwa?"

Anandiyang'ana ndi diso lija limene silinasinthe. "Chinafa ndi dzanja, Violet. Makutu ali moyo."

Ine sindinalimbe mtima kufunsa kuti makutuwo anamva chiyani, liti.

Tachita monga ananenera. Ba Lighton anagula cholumikizira chenicheni, ndipo paipi tsopano ikuyenda pamwamba, kutsatira mpanda, n'kukwera kudutsa pamwamba pa njerwa za mpandawo kupita kwa ba Gwendolyn. Aliyense wopita kumsika akuiona, ndipo ena aima kale n'kufunsa. Ndimangoti afunse eni nyumba akabwera. Dothi lonyowa tinalichotsa lonse, dzenje tinalisiya padzuwa masiku atatu, kenako tinakwirira pang'onopang'ono ndi dothi louma ndi kwale, tikutsindira. Pagwira, Atate. Dzulo ndinakankha Amai ndi dzanja limodzi kuchokera pakhonde mpaka pageti, ndipo anandiuza kuti tibwereze kawiri.

Sindikukuimbani mlandu, pakuti mwana saweruza kholo. Mwina munangomvera chisoni mai wokhala yekha amene anamudulira madzi. Ndayesetsa kukhulupirira zimenezo, ndipo masiku ena ndimakwanitsa mpaka masana. Koma ngati chinali chifundo, bwanji munachikwirira? Bwanji munasankha masabata amene Amai anali gone m'chipatala, ine ndikugona pansi pambali pa bedi lawo, inu mukuti simungabwere ku Lusaka chifukwa mukukonza pakhomo kuti adzayende bwino akatuluka? Ndipo pomwe ndinakuuzani kuti njira ikuvuta mpando wawo, chimene munaopa chinali piki?

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Khisimisi. Pemphani masiku kwa abwana anu mubwere mvula isanayambe. Mayankho musatumize kwa ine, kaya pa foni kaya pa kalata. Mudzawapereke kwa Amai, mutakhala pansi, ndipo mudzadikire mpaka amalize kulankhula ngakhale zitatenga tsiku lonse.

Ba Lighton akupereka moni, ati mphira si yomangira madzi. Abusa ndi a kwaya akukupemphererani paulendo. Ba Gwendolyn sindinawafunse, poti ndikhulupirira moni wawo umakufikani msanga kuposa wanga. Amai ndawauza kuti ndikulemba, ndipo ndawafunsa kawiri ngati ndiikepo moni wawo. Ati ndisiye malo opanda kanthu, mudzautenge nokha.

Ine moni wanga ndaika, Atate, chifukwa ndinu atate anga ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,

Violet