Munati ndi kamutu chabe

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Koma chonde musandiyankhe kuti muli bwino. Yankho limenelo ndinatopa nalo, ndi lomwe linakutengani.

Kuno ku Nathenje tilipo. Chimanga chinachita bwinoko, ngakhale anankafumbwe ayamba kale kutithandiza kudya. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri, koma khalidwe lolowa m'minda ya eni silinathe. Abambo akukalamba, fodya chaka chino sanalime.

Tsiku lija kuchipatala limandiwawabe. Sabata yonse munali mukubuula ndi mutu, maso akuchita chidima. Titalowa kwa namwino munakonza mpango wanu n'kukhala mwaulemu ngati mwabwera kuchinkhoswe. Atakufunsani munati, "Ndi kamutu chabe mwanangu, thandizani anzangawa." Nditati ndilankhule, munanditsina pantchafu. Namwinoyo anali yekha, mzere utafika panja, ndiye sanakuyezeni n'komwe kuthamanga kwa magazi. Anakupatsani panado, inu n'kuthokoza ndi manja awiri. Sipanapite nthawi munagwa kudimba, mbali imodzi itafa. Pamaliro anthu ankakutamani kuti munali mayi wopirira. Ine ndinkangowayang'ana, ndikufunitsitsa kuwafunsa ngati kupirirako kudzatilerera ana.

Tsono tamverani za Tadala, mwana wanu womaliza. Ndi woyembekezera. Nditapita kukamuona kubanja kwake ku Mitundu, ndinamupeza mapazi atatupa osalowa m'patapata, nkhope ngati walumidwa ndi njuchi. Apongozi ake akuti mimba ya mwana wamwamuna imatero. Nditamufunsa anamwetulira ngati inu nomwe: "Ndi kamutu chabe, achemwali." Amayi, paja munkatiuza kuti mkazi salira ndi mutu. Mwanayu anakumverani kwambiri.

Ndinamukweza pakabaza, iye akukana. Kwa namwino anayambanso kukonza mpango, ndiye ndinalankhula ndine: mutu, chizungulire, maso, kutupa, zonse. Ananditsina pamalo omwe aja, ine osasiya. Namwino atamuyeza magazi ndi mkodzo nkhope inasintha, anamugoneka pomwepo. Anati tikanachedwa akanayamba kukomoka, mwina tikanataya onse awiri.

Panopa ali m'chipatalamo, akulandira mankhwala, akumuyeza m'mawa ndi madzulo, ine ndikumudikirira. Magazi sanatsike kwenikweni, ndipo sindikudziwa kuti zitha bwanji. Sakundilankhula, akuti ndinamuchititsa manyazi pa anthu. Andinyanyale ndithu, bola akupuma.

Ndimakukondani Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse, koma ndakukwiyirani. Musamuitane Tadala kumeneko, sindimupereka. Ndikukulonjezani kuti mwanayo akabadwa wamkazi ndidzapempha kuti atchedwe dzina lanu. Koma tsiku limene adzanene kuti mutu ukumupweteka, palibe amene adzamutsine.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Esinati