Kachewere wa Apongozi Pakamwa pa Makina

Lachitatu, mwezi wa Junyu. Chisanu cha lero chalowa mpaka m'mafupa.

Makina aja ndinagula ku Tete, okoka kutentha mumphepo ya panja n'kufunditsa madzi oyenda m'matubu pansi pa simenti, akana ntchito. Pansi pangoti zii. Alendo awiri ogona pa pensau yathu, nyumba ya alendo, akuti mawa achoka.

Ndaimbira tekiniko wokonza makinawo. Iye wati, "Kaoneni bokosi lake la panja lija, mwina silikupuma."

Ndapeza matumba a mbatata ya kachewere atasanjidwa pakamwa pake penipeni. Apongozi, bambo a mkazi wanga, ali pampando pambali, akumwetulira.

"Akamwini, apa mwagula chinthu chanzeru," atero. "Chikuuzira mphepo yozizira. Mbewu yangayi siphuka msanga."

Ndanjuta, ndawomba m'manja, ndathokoza. Nanga mkamwini angauze apongozi kuti achotse katundu, malo ake ali awo?

Ndatuma mkazi wanga kuti akalankhule nawo. Wabwerako akuseka. Akuti bambo akewo auzako achimwene awo a ku Lifidzi za makinawa, ndipo matumba ena afika mawa pa ngolo.

Alendo aja ndawayatsira mbaula. Pakhomo pano wosangalala ndi kachewere yekha.