Nandolo Pakati pa Chimanga

Lolemba, 8 Febuluwale 1954

Ine Silvesta Kalinde, mwini digiri ya ku yunivesite ya Fort Hare, mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ya mishoni ino, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu wonse kwa iwe kope langa, poti bwalo lina londimvera kulibe. Nkhuku ya akatekisiti yaikira dzira m'chipewa changa. Dziralo atenga eni nkhuku. Mwini chipewa amusiyira nthenga.

Zina: kwafika kabuku katsopano kophunzitsira ana kuwerenga nkhani ndi kuyankha mafunso. Nkhani yoyamba, "Mlimi wa Kumudzi." Wolemba sanaikepo dzina. Wochenjera.

Lachitatu, 10 Febuluwale

Tawerenga. Akuti kudzala nandolo pakati pa chimanga ndi ulesi. Mlimi wanzeru amapatula minda, uwu wa chimanga, uwo wa nandolo. Minda! Kuno ku Mbulumbuzi munthu ukagwa chagada m'munda mwako, mutu umakagwera mwa eni.

Funso lachitatu: Chifukwa chiyani mlimi amasakaniza mbewu? Yankho la kumapeto kwa kabuku: ulesi.

Kalasi yonse yalemba "ulesi," mwaukhondo, mizere yowongoka. Ana a anthu ong'ambika zikhatho. Kupatula mtsikana mmodzi, Bernadetta Nabanda: "Chifukwa munda ndi wochepa, wina unalowa mu esiteti. Chaka cha njala chimanga chinapsa, tinapulumukira nandolo."

Ndamuchongera. Inki yofiira, chochonga chachikulu ngati mpini.

Lachisanu, 12 Febuluwale

Ahedi, a Vitalis, ataona: "Aphunzitsi, funso likuti malinga ndi nkhaniyo." Zoona. Lamulo limenelo ndikulidziwa, ndimaliphunzitsa ndine. Koma kumvetsa zowerenga n'kutani? Mwanayu wamva bwino lomwe: akutukwana amayi ake.

A Vitalis thukuta kamukamu. Woyendera masukulu akubwera sabata yamawa. Ali ndi nyumba yodzaza ana, ahediwa. Sindikuwada.

Lachinayi, 18 Febuluwale

Wabwera. Mzungu wa kabudula, mawondo ofiira ngati mbatata yosenda. Makope onse aja, dzanja lake n'kukagwera la Bernadetta! Anawerenga, anandiyang'ana. "Konzani apa, kapena tikonza inu." Chinyanja chomveka ndithu, ndamupatsa ulemu pamenepo. Ananditambasulira cholembera chake. Ndinachitembenuza, ndinayamikira kulemera kwake, n'kumubwezera.

Kunyumba mkazi wanga Kristina: "Digiriyo tidzathira mchere, bambo a Maluwa?" Ali ndi pakati, masiku ayandikira. Ndinamugonjera. Koyamba chikwatirane.

Lolemba, 22 Febuluwale

Bernadetta ananditsatira anzake atatuluka. "Aphunzitsi, ingofufutani, ndilemba ulesi. Amayi sadziwa kuwerenga, sadzamva."

Ndinati ine ndimadziwa.

Anapita akulira. Mwina ndamusenzetsa katundu woposa msinkhu wake, sanapemphe. Koma mwana alembe ndi dzanja lake kuti amayi ake ndi aulesi, ine ndichonge? Ayi. Andidule dzanjalo kaye.

Sopo watha. Nsapato yakumanzere yayasamula.

Lachitatu la Phulusa, 3 Malichi

M'mawa Bambo Mfumu andipaka phulusa pamphumi. Masana Bambo omwewo, monga oyang'anira sukulu, maso pansi: ntchito yanga ithera mwezi uno, m'nyumba ya sukulu titulukemo. Ndinafunsa ngati phulusalo ndibwezenso. Sanaseke.

Kristina akukulunga mbale m'nsalu, sakundilankhula. Tipita kwawo ku Likoswe, pakamunda ka apongozi. Mwana adzabadwira kumeneko. Mantha ndili nawo, ndilembe pano pokha.

Sindinafufute.

Tsono chipukutamisozi. Ndalama ayi, a mishoni asunge. Ndikufuna andifunire munthu amene analemba nkhani ija, amukweze pangolo, amutule ku Likoswe ndi khasu lake. Alime kamunda ka apongozi anga chaka chathunthu, chimanga pachokha, nandolo payekha, adye zokhazo. Kumudzutsa azimudzutsa apongozi. Akafika Januwale ali moyo, ndidzapepesa pamaso pa sukulu yonse.