Utsi wa Kutsidya kwa Muloza

Amayi anga okondedwa, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Edina, mwana wanu woyamba, amene munamutumiza kusukulu ya mishoni, nadzakhala mphunzitsi wamkulu kufikira atapuma. Ndikulemba chifukwa cha lonjezo limene ndinakupatsani muli chigonere. Sindinazolowere kuchita zinthu mseri, ndipo sindiyamba lero.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Nandolo wabereka bwino chaka chino, koma chinangwa chakumtunda anyani anachifukula. Mpeyala wanu ulipo, ngakhale nthambi yoloza kumsewu inathyoka. Felista, mwana wanga, anabereka mwana wamkazi patapita miyezi yochepa titakuikani, ndipo tinamutcha Aginesi monga munalamulira. Paja munati, "Dzina langa likulire pakhomo pano, lisakasochere m'tauni." Ndinavomera. Atasiya kuyamwa, amake anabwerera kuntchito ku Blantyre, mwana natsala ndi ine. Ndi waliuma ngati inu, ndipo sindimukalipira kwambiri pa chimenecho.

Koma mwanayu ali ndi mphumu, amayi. Kuyambira Ogasiti, pamene anthu ayamba kutentha tchire ndi mapesi, phiri la Mulanje limabisika ngakhale kulibe mtambo, dzuwa nkumatuluka lofiira. Pamenepo chifuwa cha Aginesi chimalira ngati mluzu. Ndinadzudzula oyandikana nafe onse, ndi anyamata osaka mbewa omwe. Anandimvera, pakuti ambiri anadutsa m'kalasi mwanga. Utsi sunachepe.

Ntchito ya Felista ndi yokhudza mpweya. Amatenga zithunzi za moto zojambulidwa ndi makina a mumlengalenga, kuwonjezapo kayendedwe ka mphepo ndi maimidwe a mapiri, ndipo kompyuta imawerengera kumene utsi upite. Atabwera kudzationa, anandionetsa pakompyutapo timadontho tofiira tambirimbiri ta moto m'dziko la Mozambique, kupitirira Milange, kwanu kumene munabadwira. Utsi wake umawoloka mtsinje wa Muloza, numakumana ndi phiri, ndipo kukazizira usiku umatsika nkudzagona m'chigwa chathu chino. Unjinji wake umakhala m'mamawa.

Apa ndipo panandilasa. Kumishoni anatiphunzitsa kuti nyumba yaukhondo imatsegula mazenera tambala akalira, ndipo ineyo ndaphunzitsa ana a anthu lamulo lomwelo moyo wanga wonse. M'mawa uliwonse ndinkatsegula zenera la kumutu kwa Aginesi kuti apume mpweya wabwino. Ndinamuuza Felista kuti makina sangandiphunzitse ukhondo. Iye anangoti, "Amayi, Lachinayi ndi Lachisanu kudzaipa. Mudzatseke, tidzakangane Loweruka." Lachinayi ndinatsegula. Dzuwa lisanafike pamutu, mwana anali kuchipatala, atamuika chopumira kumphuno. Inu munkati mphuno siinamiza mwini wake. Yanga inandinamiza, pakuti fungolo ndinakula nalo.

Mwana atatuluka m'chipatala, ndinakwera njinga ya kabaza kupita kutsidya kwa mlongo wanga Juwawo, amene akulima munda wanu wakale. Ndinamupempha kuti azikwirira mapesi m'malo motentha. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, sukulu inakuonongani. Utsi uli ndi chiphaso? Kauzeni asilikali a pachipata cha m'malire aumange! Ndikaleka ine, nanga a ku Mocuba, m'kati mwa Mozambique muja, mukawaletsa ndinu?" Ndinamuyankha kuti pamaso pa mkulu wake azisankha mawu. Koma pobwerera ndinaona moto m'mapiri kufikira kumene maso amalekezera, ndipo ndinadziwa kuti mwano wake unali ndi choonadi.

Tsopano mazenera ndimatseka, ndi kuika nsalu yonyowa kunsi kwa chitseko. Sizikukwanira. Mwana waonda, ndipo masitepe a pakhonde amawakwera mopumira. Felista akuti kumene akukhala utsi umafikako, koma sugona pansi ngati kuno, ndiponso chipatala chili pafupi. Akutinso masabata akudzawa moto uchuluka kutsidyako. Sindinamutsutse.

Chotero ndagamula. Loweruka likudzali Aginesi apita kukakhala ndi amake, ndipo ndimuperekeza ndekha. Chaka chilichonse azichoka moto ukayamba, nadzabwerera mvula yoyamba ikagwa. Akafika msinkhu wa sukulu, mwina sadzabwereranso kudzakhala, sindikubisirani. Ngati mungakwiye, kwiyirani ine, Felista asakhudzidwe. Ndikulonjeza kuti nyumba yanu sindiisiya, ndipo mwanayo ndidzamuphunzitsa kupereka moni m'Chilomwe, kuti akadzaima pamanda anu mudzamumve.

Ndatha ine mwana wanu wokukondani kufikira tidzaonane,

Edina