Mapiritsi Atatu Otsala

Lachiwiri, 4 Juni

Sabata yachitatu chiwaikire m'manda amuna anga, a Mawotchi. Anthu asiya kubwera. Mipando yobwereka yabwerera kwa eni ake.

Lero ndayamba kulongedza. Chikwama chawo cha kuntchito: kagalasi kovala padiso, timabatire tangati mabatani, mawotchi anayi a anthu, iliyonse ndi kapepala ka dzina. M'kathumba ka m'kati, kabokosi ka mankhwala. Ndimayesa a shuga. Ayi. Mapiritsi a buluu. Malo anayi, atatu alimo, pamodzi pobooka.

Kapepala ka m'kati ndawerenga konse, mpaka tizilembo ta pansi. Chizolowezi cha munthu wa mulaibulale. Ndi othandiza abambo amene mphamvu zinawathera kuchipinda.

Ife zimenezo tinasiya zaka ziwiri zapitazo, shuga itawakulira. Sitinakambirane. Tinangoyamba kugona ngati munthu ndi mlongo wake, ine n'kumati ndiwo mtendere wa ukalamba.

Nanga limodzilo linathera kuti?

Lachinayi, 6 Juni

M'chiuno mukuotcha, mbali ya kumanzere, kutsikira kumunsi. Ngati wina wandikhudzika nsimbi. Pakhungu palibe chooneka.

Alamu anabwera kudzatenga nsapato ndi majekete. Akupinda, akulankhula. "Achimwene anali munthu wa anthu. Azimayi onse a pamsewu wa shopu yawo uja ankawakonda, wotchi ya mkazi wamasiye sankalipiritsa." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pamaliro ndipo ankanditonthoza. Lero andilowa mwina.

Ndinawafunsa mochenjera ngati achimwene awo ankawauza zinsinsi. Anaseka. "Iwo aja? Ngakhale dzino likamawawa tinkamvera kwa inu."

Kabokosi ndakabisa kuseri kwa mabuku. Ine amene sindinabisepo kanthu m'nyumba muno.

Loweruka, 8 Juni

Matuza. Ang'onoang'ono, oundana, amadzimadzi. Ndadziyang'ana pagalasi la m'bafa chopindika. Zovala zikakhudzapo, misozi.

Kuchipatala mzere wautali. Adokotala ake aang'ono kuposa mwana wanga. Anasuzumira kamodzi, kulemba, kundipatsa mapiritsi. "Muzimwa kasanu patsiku, mayi. Wotsatira." Ndinachita manyazi kufunsa.

Pabenchi ya panja ndatsegula kabuku kanga ka kuchipatala. Mawu awiri. Lachiwiri ndi mzere wokhotakhota basi, ngati nyerere yagwera mu inki. Loyamba likuwerengeka bwinobwino: herpes.

Liwuli ndikulidziwa. Shelefu yachitatu kuchokera pazenera, mabuku a zaumoyo. Ndi kumene ana asukulu amapita mozemba, n'kumaseka atatseka pakamwa.

Lolemba, 10 Juni

Ndabwerera kuntchito. Anzanga akuti ndafulumira. Sakudziwa chimene ndabwerera.

Buku lalikulu lija ndalitsitsa nthawi ya nkhomaliro. Matuza a kumalo obisika, opatsirana pogonana. Akuti kachilombo kake kamatha kukhala chete m'thupi zaka zambiri. Ndiye kuti zaka ziwiri zathu zija sizikuwayeretsa. Zikhoza kukhala za kale, ndikuchapa malaya awo, ndikuwadikira ndi tiyi.

Kenako pakompyuta ya patebulo langa, nditatembenuzira sikirini kukhoma. Ndinalemba dzina la mapiritsi ndi dzina la matenda pamodzi. Zotuluka zambirimbiri. Ena akuti abambo omwa mapiritsiwa amapezeka kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana. Ena akuti vuto si piritsi ayi, koma kumene piritsilo limamupititsa munthu. Chiganizo chimenechi ndachiwerenga katatu.

Ndafufuta zonse ndisanadzuke. Zaka makumi atatu ndakhala ndikudzudzula anyamata pa zomwezi.

Mwana wanga anaimba madzulo. "Amama, mawu anuwo bwanji?" Ndati chimfine. Bambo ake ndi chithunzi cha pafoni yake. Ndingamuuze chiyani?

Lachitatu, 12 Juni

Ndapita kukabweza mawotchi a eni. Kashopu kawo kotseka, fumbi pakauntala. Khonde lomwelo, khomo lotsatira, mayi wa makatani. Wamasiye, wocheperapo kwa ine, manja osalala. Pamaliro analira mpaka kugwiridwa. Tsiku limenelo ndinati ndi mtima wabwino.

Anandiona, n'kuimitsa makina. Analowa kuseri, kutuluka ndi kapu ya a Mawotchi, yobenthuka pakamwa ija ndinaifuna kunyumba chaka chatha. Yotsukidwa bwino. "Inatsala kuno, mayi. Ndimasowa poyambira kukubweretserani."

Ndinafunsa kuti kapu ya amuna anga imatani kwa iye. Mawu anatuluka ouma, si anga. Anayankha: "Ketulo yawo inapsa kalekale. Kugula ina amakana, amati aikonza. Wotchi ya golide amaitha, ketulo inawakanika. Ndiye tiyi ankapempha kuno, ngati mwana wa pakhomo."

Anaseka pang'ono, ine osaseka. Ndinatenga kapu osathokoza.

Nkhani yake yosalala kwambiri. Yokonzeratu? Ndinayang'ana m'kati: nsalu milumilu, mpando umodzi, katani lotchinga kuseri. Kuseriko kuli chiyani? Ndinadzipeza ndikuyang'ana mmene akuyendera, ngati nayenso pena pakumuotcha.

Ine ndafika pamenepa.

Lamlungu, 16 Juni

Sindinalembe masiku atatu. Ululu, komanso sindimafuna kuona zimene dzanja lingalembe.

Chithunzi chawo pabalaza ndinachitembenuza. Mawa lake ndinachibwezera. Lero chagona chafufumimba pa wailesi.

Ndikamawalira, ndikulira ndani? Aja ankandisungira nyuzipepala osaipinda chifukwa ndimadana ndi yopindidwa? Kapena wina amene sindinakumane naye? Akanakhala moyo bwenzi nditafunsa, tikanakangana, akanakana kapena kuvomera. Anachoka ndi mbali yawo ya nkhani.

Ndikukumbukira Lachinayi lililonse ankachedwa. Amati kugula zipangizo. Ndikukumbukira sopo wonunkhira amene anagula okha. Chilichonse chasanduka mboni.

Lachiwiri, 18 Juni

Tsiku lobwerera kuchipatala. Ndapeza anamwino achikulire, a magalasi pamphuno. Ndinalimba mtima, kuwalozera liwu lija, kunong'ona kuti amuna anga anamwalira ndipo ndikufuna kudziwa ngati anandisiyira ndi iwo.

Anayandikitsa kabuku kumaso. "Dzanja la mwana ameneyu, Mulungu amuthandize. Apa palembedwa zoster. Awa ndi mashingozi, mayi. Katsabola munadwalapo muli mwana?" Ndinadwala, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chipsera chilipo pachipumi.

Akuti kachilombo ka katsabola sikachoka. Kamagona m'mitsempha, n'kudzuka thupi likafooka: ukalamba, matenda, nthawi zina chisoni. Ndi pachibale ndi kena kaja, n'chifukwa chake dzina loyamba n'limodzi, koma aka sikabwera ndi mwamuna. "Mfunda umodzi, makomo osiyana. Mukanangofunsa." Anandiyezanso magazi kuti mtima ukhale pansi. Ali bwino.

Liwu loti mashingozi ndalimva moyo wanga wonse. Amayi anga anadwalapo. Adokotala akanalitchula pakamwa bwenzi nditagwedeza mutu n'kumapita. Koma ine ndinakhulupirira cholembedwa, theka lake lokha.

Ndatuluka wopepuka mpaka pageti. Pageti ndakumbukira: piritsi limodzi palibebe.

Lachitatu, 19 Juni

Kufamase ya pafupi ndi siteshoni, imene chizindikiro chake chili pakabokosi. Ndadikira anthu athe. Mwini wake, bambo wa imvi, anakazindikira kabokosi asanakagwire. Anapepesa za maliro. Ndinafunsa ngati ankabwera kawirikawiri, ngati ankabwera okha.

"Za odwala sitiulula, mayi, ngakhale atatisiya." Amuna amabisirana, ndinaganiza. Koma anatembenuza kabokosi, kumatula pang'ono pamene pepala linapindikira, n'kuloza ndi chala. "Chimene ndingakuonetseni ndi chimene chalembedwa kale." Tsiku logula. 17 Febuluwale.

Pobwerera ndadutsa pakhonde la makatani. Makina akulira. Sindinaime. Kupepesa ndikufuna, koma ndipepese ndisanadziwe?

Lachinayi, 20 Juni

M'mawa uno nzeru yabwera ndikumwa mankhwala. Kope lomweli ndinaliyamba mu Januwale. Ngati tsiku limenelo anachedwa, kapena kunamizira zipangizo, ndinalemba. Nthawi imeneyo sindinkaphonya tsiku. Ndatsegula m'mbuyo, ngati wapolisi.

Ndikukopera momwe zilili.

"Loweruka, 17 Febuluwale. Mvula tsiku lonse. A Mawotchi atseka msanga, 2 koloko ali kale pakhomo. Asamba masana, zachilendo. Ameta ndevu, avala malaya oyera aja a paukwati wa mwana. Ndawafunsa ngati kuli msonkhano, ati ayi. Ndinali chogona ndi buku. Akhala m'mphepete mwa bedi nthawi yaitali, kenako ati, kodi mayi, bukulo latsala patali? Ndati masamba makumi asanu ndi atatu, ndipo mukunditchingira kuwala. Asendera. Adikirabe. Kenako ndawamva kukhitchini akutsuka mbale zotsuka kale. Ndalimaliza 6 koloko. Buku labwino kwambiri."

Si umboni, ndikudziwa. Piritsi silinatchulidwe. Anamwino aja akanati ndawerenganso theka.

Koma malaya oyera aja. Ankawopa kuwadetsa, chichitikire ukwati anali asanawavalenso.

Ndawerenga masiku otsatira, mpaka Meyi. Sanasambenso masana.

Ndakhala pano kuyambira m'mawa kuyesa kukumbukira kuti linali buku lanji. Dzina sindinalembe.